Ana wa pa Bolodi

Chaka cha 1991 fodya anachita bwino ku Madisi, ndipo sitolo ya a Husseni sinkapuma. Alimi ankatsika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ndi ngolo zawo, n'kubwerera atanyamula nsalu, mchere ndi matayala a njinga. Pakauntala pankakhala Aziza, mwana wotsiriza wa a Husseni, mtsikana wofatsa pakamwa koma wa maso akuthwa, amene sankalola kunamizidwa kawiri ndi munthu mmodzi.

Chinthu chimodzi chokha ndicho Aziza ankawabisira bambo ake. Kuyambira dzinja anali pa chibwenzi ndi Elifala Chisale, mphunzitsi wa pa sukulu ya pulaimale ya kutsidya kwa dambo. Elifala anali Mkhristu, kwawo kunali ku Ntchisi, ndipo a Husseni ankangomudziwa ngati munthu wogula sopo ndi palafini. Mkamwini amene mtima wawo unkafuna anali Rajabu, mwana wa mnzawo wa ku Dowa Boma, yemwe ankanyamula mabelo a fodya pa galimoto yake kupita nawo ku Lilongwe.

Tsiku lina Lachiwiri galimoto ya Rajabu inaima pakhomo pa sitolo fumbi lili koboo. Mwini wake analowa akupukusa makiyi pachala.

"Ababa kulibe, apita kukaoda shuga," anatero Aziza asanafunsidwe.

"Ndakumana nawo panjira. Ine ndabwera kudzaona iwe." Rajabu anatsamira kauntala. "Mphunzitsi uja amene amachedwa kusankha sopo muno, ukwati wake uliko liti?"

Aziza anapitiriza kupinda chitenje. "Aphunzitsi ndi ambiri. Mukunena ati?"

"Wa ku Ntchisi. Kalasi yake ili m'chisakasa chija cha m'mbali mwa msewu, bolodi lili poyera, wodutsa aliyense amawerenga. Dzulo ndinaima pamenepo kuthira madzi m'galimoto. Ndinangoona dzina la mkazi, zilembo zikuluzikulu ngati za pa basi. ANA. Kunsi kwake anajambulako mzere."

"Ana ndi ana. Pasukulu mumafuna palembedwe ng'ombe?"

"Nanenso poyamba ndinaganiza choncho," anatero Rajabu akumwetulira. "Koma pasukulupo pabwera mphunzitsi wamkazi watsopano. Wa kwawo komweko, mwana wa mkulu wa mpingo. Dzina lake ndi Ana."

Chitenje chinamupulumuka Aziza m'manja. Anachitola msanga, n'kuchikung'untha ngati chinali ndi fumbi.

"Nanga inu zikukukhudzani bwanji?"

"Sizikundikhudza. Ndimangodandaula ndikaona munthu akudikira basi imene inadutsa kale."

*

Pakhonde la sitolo pankasokera mayi wina dzina lake Faines, amene ankadziwa za chibwenzicho chifukwa mauthenga ambiri ankadzera pa makina ake. Rajabu atachoka, Aziza anatuluka ndi kukhala pa benchi pafupi naye.

"A Faines, mumamudziwa Ana?"

Makina analeka kulira. "Uja wa kusukulu? Wakuuza ndani?"

"Ndiye kuti mumamudziwa. Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuza chiyani? Anatsika basi pano sukulu zitatsala pang'ono kutsegulidwa. Aphunzitsi ako ndi amene anadzamuchingamira, n'kumunyamulira sutukesi. Anthu a mudzi umodzi amatero. Kutchalitchi amaimba kwaya imodzi, zimenezonso si mlandu."

"Anamunyamulira sutukesi."

"Nanga akanasenza yekha mwamuna ali pomwepo? Aziza, mawu a Rajabu uziwasefa. Munthu uja akufuna iwe."

"Ndikudziwa chimene akufuna. Koma wofuna chinthu sikuti nthawi zonse amanama."

Faines anangoyang'ana pansi n'kuponda makina. Zimenezo zinamupweteka Aziza kuposa mawu a Rajabu.

Lachinayi masana m'sitolo munalowa mtsikana wamtali, wovala siketi yabuluu yofika m'miyendo, tsitsi ataluka mizere yaing'onoing'ono. Anapereka moni mwaulemu, kenaka analoza sopo wofiira uja amene Elifala ankagula nthawi zonse.

"Ndinu Aziza, eti?" anafunsa uku akulandira sopoyo.

"Ndine. Tinaonanapo?"

"Ayi. Ine ndine Ana, ndimaphunzitsa Sitandade 2. Dzina lanu ndinalimva kusukulu."

"Kwa ndani?"

Ana anaseka pang'ono, dzanja lili pakamwa. "Langotchuka. Ndi dzina lokongola."

Analipira n'kutuluka. Aziza anamutsata ndi maso mpaka anakhotera njira ya kudambo. Sanathe kudziwa ngati kuseka kuja kunali kwa munthu wosalakwa kapena kwa munthu amene wapambana kale. Madzulo ake anauza Faines kuti: "Mukawauze aphunzitsi kuti Loweruka ndipita kuchigayo."

*

Kuseri kwa chigayo kunali njira yotsikira kudambo, pomwe panali mtengo wa mkuyu. Elifala anali atafika kale. Anali atavala juzi yake yotuwa chifukwa mphepo ya chisanu inali ikuwomba kuchokera kumapiri. Ataona nkhope ya Aziza, kumwetulira kwake kunazilala.

"Kunyumba kuli bwino?"

"Kuli bwino, aphunzitsi."

"Lero ndakhala aphunzitsi? Ndalakwa chiyani?"

Aziza anatula dengu la ufa, n'kukonza mpango wake. "Ana ndi ndani wanu?"

"Ana? Ndi wa kwathu. Bambo ake anandipempha kuti ndimuthandize kuzolowera malo."

"Anakupemphaninso kuti muzilemba dzina lake pa bolodi, anthu odutsa mumsewu aziwerenga?"

Elifala anamuyang'ana. Kenaka anayamba kuseka, koma ataona kuti mnzake sakuseka nawo, analeka.

"Khala pansi, Aziza. Ndikuonetsa."

"Ndimva ndili chilili."

Elifala anathyola kamtengo, n'kusalaza dothi ndi nsapato. Analemba manambala anayi: 1991.

"Werenga kuyambira kumanzere."

"Ndi chaka chino. Sindinabwerere zimenezo."

"Tsopano yambira kumanja."

Aziza anayang'ana monyinyirika. Wani, naini, naini, wani. Anakwinya nkhope. "Ndi chimodzimodzi."

"Phunziro la Lolemba linali limenelo. Pali manambala ena amene ukawawerenga chopita kutsogolo kapena chobwerera m'mbuyo, sasintha. 44, 252, 1991. Chaka chotere chinapita kalekale, 1881, agogo athu asanabadwe. Ana a m'kalasi mwanga anakondwa nazo, ndiye ndinawafunsa ngati m'Chichewa mulinso mawu otero. Wina anati *apa*. Wina anati *uyu*. Ine ndinati mawu abwino koposa ndi inu nomwe, ndipo ndinalemba ANA. A, N, A. Ana a sukulu, Aziza. Osati munthu."

Analemba mawuwo pansi. Aziza anawawerenga uku ndi uku, milomo ikuyenda.

"Ngakhale mmene umaitanira bambo ako," anapitiriza Elifala. "Ababa. Taona, A, B, A, B, A."

"Bambo anga muwasiye." Koma mawu ake anali atayamba kufewa. Anagwada pambali pa zolembazo. "Nanga manambala ena onsewa, amene amasintha?"

"Ambiri ungathe kuwakonza. Tenga 38. Itembenuze, ikhala 83. Phatikiza."

"121," anayankha Aziza nthawi yomweyo. Anaima pang'ono. "Wani, thuu, wani."

"Waona. Ikakana ulendo woyamba, yankholo umalitembenuzanso n'kuphatikiza."

"Mwasankha nokha nambala imene mukudziwa kuti itheka. Ndisankhe ine." Anamulanda kamtengo kaja n'kulemba 89, kunsi kwake 98. Anapeza 187. Anatembenuza, anaphatikiza, anapeza 968. Anayesanso, koma manambala ankangokula osagwirizana. Anataya kamtengo. "Mwaona? Zanu zimatheka pamene mwakonzeratu."

"Wagwira yamakani," anatero Elifala. "Imeneyo imatheka, koma imadya tsamba lathunthu. Imafuna munthu wopirira."

"Ngati kubwera kwa amalume anu kwa Ababa."

Elifala anatola kamtengo kaja, ndipo m'malo moyankha analemba zilembo zisanu pang'onopang'ono. A, Z, I, Z, A.

"Phunziro lonse lija linayambira apa. Tsiku lina ndinalemba dzina lako pachikhatho, ndipo ndinaona kuti kulikonse kumene ndingayambire, ndikupeza iwe yemweyo. Kwanu ku madrasa mumawerenga kuyambira kumanja, ife kusukulu timayambira kumanzere. Dzina ili tonse tikhoza kuliwerenga."

Aziza analiyang'ana dzina lakelo nthawi yaitali. Anali asanalionepo motero. Zinamukhudza, koma sanafune kuti zionekere.

"M'zilembo za Chiarabu silibwerera choncho," anatero motsitsa mawu. "Limangotheka m'zilembo zanu."

"Ndiye undiphunzitse zanuzo."

"Mukunena zoona kapena mukungofuna kuti ndiseke?"

"Ndikunena zoona. Sukulu ikatsekera ndipita kwathu kukalankhula ndi amalume. Chaka chino chisathe ndisanatero, chifukwa china chotere ndi 2002, ndipo sindingadikire mpaka kumeneko. Ana ndinawauza kuti pofika chaka chimenecho adzakhala akuluakulu, dziko litasintha."

Aziza anadzutsa mutu mofulumira. "Munanena mawu amenewo? Mokweza? M'chisakasa cha m'mbali mwa msewu?"

"Ndi mawu wamba."

"Masiku ano mawu wamba kulibe, a Elifala. Munthu amagona kupolisi chifukwa choiwala kadi ya chipani kunyumba, ndiye inu mukuuza ana a eni kuti dziko lisintha?"

"Ndimanena za misewu ndi magetsi."

"Amene akakaneneze sadzatchula magetsi." Anayang'ana uku ndi uku. Kudambo kunali amayi awiri akutsuka mbatata, patali ndithu. "Ndiyankheni chinthu china. Ana anabwera kusitolo. Akuti dzina langa latchuka kusukulu. Munalilemba pa bolodi?"

Elifala anachedwa kuyankha. Kuchedwako kunali kwa kanthawi kochepa, koma Aziza anakuona.

"Sindinalembe. Mtsikana wina wa kumbuyo anakuwa kuti, 'Aziza wa kwa a Husseni', kalasi yonse n'kuseka. Ana anamva ali m'kalasi yake. Koma choko changa sichinalembe dzina lako."

"Kalasiyo inaseka chifukwa chiyani?"

"Ana a sukulu amaona zambiri."

"Lumbirani kuti simunalembe."

"Ndalumbira."

Aziza anafufuta zilembo zija ndi phazi mpaka dothi linasalala. Anasenza dengu lake. Nkhani ya Ana inali itapepuka mumtima mwake, koma pamalo pake panakhala kuchedwa kuja kwa yankho. Anayenda nako mpaka kunyumba.

*

Lachitatu lotsatira, dzuwa litangopendeka, Faines anabwera kuchokera kumsika akuyenda mothamanga, nsalu ya m'chiuno ataigwira ndi dzanja. Sanakhale pa makina. Analowa m'sitolo n'kudikira kuti wogula mchere atuluke.

"Awatenga," ananong'ona.

"Ndani?"

"Aphunzitsi ako. Kunabwera anyamata a malaya ofiira ndi wapampando wa chipani. Awatulutsa m'kalasi ana akuona. Akuti akuphunzitsa ana kutembenuza zinthu, ndipo awapatsa chaka choti adikire. Apita nawo ku Boma."

Aziza anagwira kauntala ndi manja onse awiri. "Waneneza ndani?"

"Palibe akudziwa. Ena akuti kholo la mwana. Ena akuti munthu wa pasukulu pomwepo."

"Ana anali kuti?"

"Akuti anaima pakhomo la kalasi yake, akungoyang'ana. Sanalire, sanalankhule."

"A Faines, Loweruka munauza munthu wina kuti ndikupita kuchigayo?"

Faines anabwerera m'mbuyo ngati wamenyedwa mbama. "Tsopano wafika pa ine?"

"Sindikudziwanso kuti ndifike pa ndani."

Faines anatuluka, ndipo makina ake sanalire tsiku lonselo. Aziza anagulitsa zinthu ngati munthu wolota. Wofuna machesi anamupatsa singano. M'mutu mwake munkazungulira nkhope zitatu. Rajabu ankadya limodzi ndi wapampando nthawi zambiri. Ana anali ndi khutu kuseri kwa chisakasa, ndipo mwina bambo ake sanamutumize ku Madisi kudzangophunzitsa. Nkhope yachitatu inali ya Elifala mwini, pa kanthawi kaja asanalumbire.

*

Mawa lake a Husseni anatseka sitolo nthawi isanakwane, chinthu chimene sankachita pokhapokha pagwe maliro. Anamuitanira Aziza kuchipinda cha kumbuyo kumene ankasungira matumba a shuga. Rajabu anali atakhala kale pa mpando, kofia ili pabondo.

Aziza anagwada pafupi ndi chitseko.

"Mwanawe," anayamba a Husseni, "ine ndakhala pa Madisi pano kuyambira iwe usanabadwe. Misonkhano ndimapita, kadi ndimagula, sindinakanganepo ndi boma. Lero m'mawa wapampando wandiitana ngati mbava."

"Chifukwa chiyani, Ababa?"

"Ukundifunsa ine? Pa bolodi la mphunzitsi uja apezapo manambala ndi mawu amene akuti ndi zizindikiro. Pakati pa mawuwo pali dzina la munthu mmodzi wa pano. Dzina lako."

Aziza anayankha msanga. "Pali ANA. Amenewo ndi ana a sukulu."

"Sindikunena za ana. Ndikunena AZIZA. Wapampando waliwerenga ndi maso ake ku Boma, ndipo akufuna kudziwa chimene mwana wa Husseni akuchita pa bolodi la munthu woukira. Inenso ndikufuna kudziwa." Mawu awo sanakwere. "Mwamuna salemba dzina la mkazi amene amangomugulitsa sopo. Zinayamba liti?"

Aziza anayang'ana pansi. Bodza linali pafupi, koma linamukanika kutuluka.

"Dzinja, Ababa."

A Husseni anatseka maso. Rajabu anakhosomola.

"Bambo, mundilole ndilankhule," anatero Rajabu mofatsa. "Zachitika zachitika. Chofunika n'choti Aziza asakwere galimoto ya ku Boma, chifukwa amene amapita kukafunsidwa sabwera tsiku lomwelo. Wapampando ndimadziwana naye. Ndikamuuza kuti mtsikanayu ndi wotomeredwa ndi ine, ndipo mphunzitsiyo ankangomuvutitsa, dzinalo alifufuta. Koma sindingakanene bodza. Ziyenera kukhala zoona ndisanapite."

"Nanga aphunzitsiwo?" anafunsa Aziza.

"Amenewo ali ndi abale awo," anayankha a Husseni. "Iwe uli ndi ine. Ndalankhula kale ndi bambo ake a Rajabu. Chatsala ndi mawu ako."

Aziza anakumbukira kuchedwa kuja pansi pa mkuyu. Ngati Elifala analemba, ndiye kuti analumbira bodza akumuyang'ana m'maso, ndipo munthu wotero akhozanso kunama za Ana, za amalume, za zonse. Koma phunziro linali la Lolemba la sabata yatha. Mphunzitsi wanji amene amasiya bolodi osafufuta masiku onsewo?

"Ababa, ndipempheko chinthu chimodzi. Kalembedwe ka a Chisale ndimakadziwa. Ndipite kusukulu ndikaone bolodilo ndi maso anga, kenaka ndiyankha."

"Kusukulu kulibe bolodi. Analinyamula dzulo lomwe ngati umboni."

"Ananyamula ndani?"

"Anyamata aja anakwera ndi mphunzitsiyo pa galimoto ya chipani, malo panalibe," anatero a Husseni. "Rajabu ndi amene anawathandiza. Analipititsa ku Boma pa galimoto yake."

"Munali nokha m'galimotomo, a Rajabu?"

"Nanga bolodi limafuna woperekeza?" anatero Rajabu akuseka.

Aziza anadzutsa maso pang'onopang'ono. Rajabu anali atavala jekete lomwe ankayendera pa ulendo uliwonse, ndipo m'mphepete mwa thumba lake munali fumbi loyera la choko. Aliyense wonyamula bolodi akhoza kudetsedwa motero. Rajabu anaona pamene maso a Aziza anaima, ndipo anasuntha kofia kuchoka pabondo n'kuphimba thumbalo.

"Wapampando akutidikira mawa tikatuluka mumzikiti," anatero a Husseni. "Ndikamuuze chiyani?"